Usawathirire Mchere Abambo Ako

Fanesi mwana wanga,

Ndathawira kuno kumunda, pansi pa mpeyala uja, ndi pensulo yobwereka. Kunyumba sikukukhalika. Azimayi adzaza khonde lonse, aliyense ndi mwambo wake woti akuuze, ndipo azakhali ako a Dorika akhala pakhomo penipeni ngati ndiwo anafolera nyumbayo. Ndikangoti nditsegule pakamwa, makutu awo ali tcheru. Tsono zanga ndalemba. Zilembo zanga ukuzidziwa, ndi za munthu amene anasiyira sukulu panjira, ndiye uwerenge pang'onopang'ono. Kuseka useke, bola ufike kumapeto.

Chichitikire ukwati dzulo, anthu ayamba kukutchula kuti "inu", poti ndiwe mkazi wa aphunzitsi. Nanenso ndidzazolowera. Koma lero ndikuti iwe, chifukwa ndikuyankhula ndi mwana amene ndinkamubereka kumsana ndikuthyola tiyi.

Mawa lole ya ku Luchenza ikutenga iwe, amuna ako ndi abambo ako kupita ku Makwasa. Anzako akamalowa m'banja amanyamula miphika ndi mtondo, iwe wanyamula nkhalamba yodwala. Ndikudziwa kulemera kwake, ndipo sindikupepesa, chifukwa njira ina palibe. Abambo ako akufunika jakisoni m'mawa uliwonse, ndipo nyumba ya amuna ako ili poti munthu akhoza kuyenda wapansi kukafika kuchipatala cha mishoni. Kuno dresala wa pa esiteti ali ndi kwinini ndi mankhwala a zilonda basi. Ine sindingatsagane nanu. Ukudziwa thangata: pakhomo pakasowa munthu wooneka ndi dengu m'munda wa tiyi, nyumba ndi munda zimapita, ndipo azing'ono ako ndikawagoneka kuti? Choncho mwamuna wanga ndamupereka m'manja mwako, ndipo ndikufuna akhale moyo.

Za m'chipinda anakulangiza kale anankungwi, zimenezo si za pakamwa panga. Zanga ndi za mtima wa abambo ako. Ukaiwala zonse za m'kalata muno, chimodzi chokha usaiwale: usawathirire mchere.

Kulakwitsa kwanga koyamba ndinakuchita ndi chikondi chenicheni. Chaka chija unapita kukagonera kusukulu ya atsikana, abambo ako anagwidwa ndi ludzu losatha. Akaweruka ku pampu ya fakitale, amagugudiza chikho chonse n'kuitanitsa china. Kudya amadya ngati mnyamata wolima mphanje, koma lamba amangomuboola mabowo atsopano. Ine ndinati ndi ntchito, bamboyu watopa, ndimulimbitse. Ndiye thobwa lotsekemera silinkasowa m'nyumba, tiyi wa m'mawa ndinkathira shuga mosaumira, popita kuntchito ndawapatsira mzimbe. Ha! Ndinkanenepetsa matenda, mwamuna akutha. Amene anatitsegula maso ndi nyerere, zimene zinkaunjikana kuseri kwa nyumba pamene iwo atayira madzi. Kuchipatala anawiritsa mkodzo wawo m'kabotolo pamodzi ndi mankhwala obiriwira, n'kusanduka ngati dothi la katondo. Anati ndi matenda a shuga. Ndinabwerera ndili wee, ndikukumbukira mitsuko yonse ya thobwa ija. Tsono iwe dziwa kuti chimene wodwala akulirira si nthawi zonse chimene chingamuthandize. Abambo ako adzakulirira zinthu, ndipo amadziwa kupempha mokoma.

Tinakhala nawo matendawo zaka zambiri ndithu. Ndinachepetsa nsima, ndinabisa shuga, iwo n'kumapitabe kuntchito. Ine ndinkayesa kuti shuga ndi matenda a ludzu ndi mkodzo basi. Sindinkadziwa kuti pansipansi akudya zina.

Tsiku lina madzulo ndinaona madontho a magazi pakhonde, kuchokera kunjira mpaka pampando wawo. Ndinati, "Bambo a Fanesi, mwapha nkhuku?" Anati, "Nkhuku yake iti?" Kuwatukula phazi, mayo ine, kamtengo ka chitsa cha tiyi wodulira kali tsonga m'chidendene, ndipo ayenda nako kuchokera kufakitale osamva kanthu. Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinanyadira. Ndinakauza anzanga pa sikelo yoyezera tiyi kuti ine ndinakwatiwa ndi mwamuna weniweni, wosadziwa kulira. Uchitsiru wake! Phazi limenelo linali litagontha, ndipo chilondacho chinatenga dzinja lonse kuti chipole. Uziwayang'ana mapazi tsiku ndi tsiku, pansi pake ndi pakati pa zala, ngakhale akane bwanji. Asayende opanda nsapato, ngakhale popita kuchimbudzi.

Kugontha komweko kumafika mpaka kumtima, ndipo zimenezi ndinaziphunzira pa maliro. Ukuwakumbuka a Mukhova, kapitawo wa gulu lathu, aja ankatikalipira tikathyola masamba okhwima? Nawonso anali ndi shuga. M'mawa wina tikuyeza tiyi, anangokhala pa dengu lovundikira, thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira chiperoni. Ine ndi amene ndinawafunsa. Ndinati, "Akapitawo, pakupweteka pati?" Anati, "Palibe, mayi. Ndangotopa, ndi kamseru pang'ono. Bwererani kumizere, mukufuna mupumire pa ine?" Tinaseka, tinawapatsa madzi, tinabwerera kukathyola. Nanga munthu woti palibe pomwe pakumupweteka, n'kumunyamula pamachila? Mluzu wa masana ukulira, tinawapeza ali chikhalire pa dengu pomwepo, atazizira. M'malaini a nyumba za antchito munamveka zambiri, ena ati awalodza olimbirana ukapitawo. Koma adokotala atandifotokozera za abambo ako chaka chino, ndinawauza za a Mukhova, ndipo anagwedeza mutu. Anati munthu wamkulu amene wakhala ndi shuga nthawi yaitali, mtima ukhoza kumaima iye osamva ululu ngakhale pang'ono. Fanesi, funso loti "pakupweteka pati" ulitaye. Kwa abambo ako silithandiza. Ugwiritse ntchito maso.

Kulakwitsa kwina ndi kwa mvula yapitayi, ndipo ndikakukumbukira ndimafuna kudzimenya. Munthu amene anakhala woonda zaka zonsezi anayamba kudzaza. Miyendo inakula, mimba inatuluka, nsapato zinayamba kuthina. Ine kusangalala! Ndinati Mulungu wamva, amuna anga ayamba kunenepa. Ndinawonjezera ndiwo, ndinawagulira bakayawo, nsomba yamchere ija amaikonda, kuti anenepe bwino. Sindinalabadire kuti kachitunda kochokera kudamu, kamene ankakwera akuimba mluzu, tsopano amaima panjira manja ali m'chiuno, wefuwefu. Sindinalabadire kuti asiya kugona chagada, amangotsamira thumba la chimanga mpaka kucha, akutsokomola. Ndikafunsa, ankati mphasa yawakwana. Mpaka tsiku limene analephera kumaliza pemphero la chakudya chifukwa cha befu, ndi pamene tinawanyamula pamachila kukafika nawo kumsewu. Azakhali ako anapita nafe.

Kuchipatala, adokotala anafunsa kudzera mwa wotanthauzira kuti, "Mtima wanu uli bwanji, bambo?" Abambo ako, mpweya ukuchita kuperewera, anayankha mwaulemu kuti, "Uli pamtendere, bwana. Mwana wanga wapeza banja labwino." Wotanthauzirayo anachita kuluma mlomo kuti asaseke. Ndi mmene alili abambo ako. Ukawafunsa za mtima, adzakuuza za chimwemwe chawo. Adokotala sanalimbane nawo. Anangodina chala chachikulu pamwendo pawo, n'kuchotsa, ndipo panatsala kadzenje kosabwerera. Anandiitana kuti ndione. Anati, "Mayi, awa si mafuta. Ndi madzi."

Anafotokoza, ndipo ndikulembera mmene ndinamvera. Mtima ntchito yake ndi kukankha magazi kuti azungulire thupi lonse. Shuga akakhalitsa m'magazi amawononga timitsempha todyetsa mtimawo, ndipo mnofu wake umauma n'kufooka, ukalamba n'kuwonjezerapo pake. Ukafooka sukankha mokwanira, ndiye madzi amatsalira m'miyendo, m'mimba, mpaka m'mapapo, n'chifukwa chake munthu akagona chagada amabanika. Ine ndinali ndisanamvetse bwino, koma abambo ako anadzutsa mutu. Anati, "Ndamva. Chikopa cha pampu chatha, madzi akubwerera." Adokotala anati ndi zomwezo, kungoti pampu iyi ilibe chikopa china chosinthira, ndiye tiyenera kuichepetsera katundu. Ndipo katundu wamkulu ndi mchere, chifukwa mchere umagwira madzi m'thupi osawalola kutuluka. Anawapatsa timapiritsi tolimbitsa mtima, ndi jakisoni wina wokodzetsa, ndipo anati shugayo tsopano wafika pofuna jakisoni wake tsiku lililonse.

Tsono apa ndi pamene pakamwa panga panandigwetsa m'dzenje. Ndinatuluka m'chipindamo mtima uli m'malo, poti matenda apezeka ndipo chochita chilipo. Ndinathamangira kukhitchini ya odikirira odwala, kumene azakhali ako ankaphika pakati pa azimayi ambirimbiri, ena a kwathu konkuno. Ndinafuula ndili patali, ine wopusa ine. Ndinati, "Alamu, chapezeka! Akuti ndi mchere! Akuti ine ndisiye kuwathirira mchere m'ndiwo, ndi umene ukuwatupitsa miyendo!"

Mayi wina anasiya mthiko m'mwamba. Azakhali ako anaimirira pang'onopang'ono, anamanga chitenje, n'kuyang'ana azimayi aja mmodzimmodzi. Anati, "Mwamva nonse? Wanena yekha. Ngakhale mzungu waona."

Ndi pamene ndinazindikira chimene ndanena. Iwe unalangizidwa, ukudziwa zimene amatiuza tonse: mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za kunyumba, mwamuna wake amadwala tsempho. Amatupa miyendo, amatsokomola, amabanika pachifuwa. Tayang'ana, zizindikiro zake ndi zomwezo za abambo ako, osachotsapo ngakhale chimodzi. Ndipo ine ndaimirira pagulu ndikulengeza kuti mchere wa m'manja mwanga ndi umene watupitsa mwamuna wanga! Ndinayesa kubweza mawu. Ndinati adokotala akunena mchere uliwonse, wothira aliyense, ngakhale atathira m'busa. Azakhali ako anati, "Nanga bwanji tonsefe timadya mchere osatupa? Bwanji watupa mlongo wanga yekha?" Ndinati chifukwa cha shuga ndi mtima. Anati, "Shuga ndi wotsekemera, mchere ndi wowawa, zikugwirizana pati? Alamu, ululani, munthu asafe."

Ine, Fanesi! Imvi zili mbuu, msana unapindika ndi dengu, m'manja muli zikang'a zoti zikhoza kupala moto. Ndani angandifune? Koma nkhani inafika kuno ife tisanafike, ndipo anali atandipezera kale ndi mwamuna yemwe, mlonda wa ku nazale ya mbande za tiyi, nkhalamba yoti ngakhale galu wake saimvera. Poyamba ndinaseka. Nditaona kuti pa sikelo anzanga akusuntha madengu awo ndikayandikira, ndi kuti pa maliro sakundilolanso kukhudza mphika wa ndiwo, kusekako kunatha. Zinandipweteka, mwana wanga, ndipo zikundipwetekabe. Phunzirapo: mawu a kuchipatala usamawatulutse osaphika. Uziyamba waganiza kuti akagwera m'makutu a ndani, ndipo kwa iyeyo atanthauza chiyani.

Abambo ako anatuluka m'chipatala miyendo itaphwa, akupuma bwino. Tinkayembekeza ukwati wako kuti asamuke, ndipo pakadali pano dresala anavomera kuwabaya ndi mankhwala ochepa amene tinapatsidwa. Ine ndinkaphika zopanda mchere. Koma posakhalitsa ndinaona akakolo ayambanso kudzaza, thumba la chimanga labwereranso kumutu kwa mphasa. Ndinadabwa, ndinafufuza, ndipo ndinapeza kansalu kofunyidwa m'thumba la jekete lawo. Munali mchere wakuda, wosakaniza ndi mizu yopera. Azakhali ako anakautenga kwa sing'anga wa ku Goliati, ati ndiwo mankhwala a tsempho, azinyambita m'mawa ndi madzulo, wina aziwaza m'ndiwo ine ndikatembenuka. Taona nkhanza ya zinthu: mankhwala a matenda amene alibe ndi chiphe cha matenda amene ali nawo. Ndinakautaya m'chimbudzi. Azakhali ako atamva anati kutupako kwabwerera chifukwa ine ndakana kuulula.

Usawade azakhali ako. Ndikunena ine amene ndili ndi chifukwa chowadera. Pamene makolo awo ankathawa kwa Apwitikizi, mayi awo anafera panjira, ndipo a Dorika, ali kamtsikana, ndi amene anabereka abambo ako kumsana kuwoloka nawo mtsinje wa Ruo. Kwa iwo, abambo ako akadali kamwana kaja. Akuchita zimene akudziwa kuti mlongo wawo asafe, ndipo n'chifukwa chake ali oopsa. Munthu wa njiru amatopa, koma awa sadzatopa. Ndipo abambo ako sangathe kuwakanira. Munthu woti anakalipirapo mzungu wa fakitale pa nkhani ya pampu, pamaso pa alongo ake amasanduka phala.

Mwina ukudzifunsa kuti iwo eni ake akuganiza chiyani. Anandifunsa kamodzi. Tinali pompano pamene ndakhalapa, masana, tikusenda nandolo. Anati, osandiyang'ana, "Amake Fanesi, pali chimene simunandiuze?" Ndinati, "Chilipo. Sindinakuuzeni kuti tsiku lina alongo anuwo ndidzawaswa ndi mthiko." Anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwa, ine n'kumawasisita pamsana. Atapuma anati, "Ndi pampu, amake Fanesi. Ndikudziwa kuti ndi pampu. Koma mchere uja ndinkanyambita kuti alongo anga agone tulo." Wamva? Akhoza kudzipha kuti munthu wina asakhumudwe. Ndiye kukana kumene iwo sangakane, ukane ndiwe.

Tsono za kaphikidwe. Ndiwo zawo uziphika mu kamphika kawokawo, usamapatule pa za anthu onse. Mchere ayi, ngakhale wa kunsonga kwa chala. Soda wa therere ayi. Bakayawo ndi nsomba iliyonse yowaza mchere isalowe m'mbale mwawo. Masiku oyamba adzakankha mbale n'kunena kuti akudya udzu ngati mbuzi. Usakhumudwe, ndi mmene anandichitira inenso. Uzikoleretsa ndi matimati ambiri, anyezi, nsinjiro, katsabola, ndi madzi a mandimu pamwamba. Nkhwani wotendera amadya osadandaula, nandolo wamuwisi chimodzimodzi. Nsima ikhale ya mgaiwa, yochepa, koma asadumphe chakudya. Ndipo mbale ya mchere isakhale pamphasa pamene iwo akudya, chifukwa dzanja lawo ndi lalitali. Adzakuyang'ana ndi maso achisoni, adzati, "Mayi wanga, kambewu kamodzi kokha, amako sakuona." Adzakutchula mayina onse a paubwana wako. Ulimbe. Usawathirire mchere.

M'mawa uliwonse, musanapite kukabayitsa, udine chala pamwendo pawo monga anachitira adokotala. Kadzenje kakatsala, kapena ukaona kuti nsapato yathina, ukanene tsiku lomwelo, usadikire mawa. Uzimvetsera mmene akupumira akamayankhula. Akamadula mawu pakati kuti akoke mpweya, zinthu sizili bwino, ngakhale iwo akuseka. Pogona uwaikire chotsamira chachitali, ndipo ukaona kuti akuchiwonjezera okha, dziwa kuti madzi akukwera. Kuyenda aziyenda, pang'onopang'ono, pamalo osakwera, chifukwa kungokhala nakonso kumawafooketsa. Koma khasu, nkhwangwa ndi ndowa ya madzi uwabisire. Adzafuna kuonetsa mkamwini wawo kuti akadali mwamuna, ndipo tsiku lina udzawapeza akuwaza nkhuni za eni ake.

Pali chinthu china chosokoneza, chimene chinandipusitsa ine sabata zapitazi. Atabayidwa jakisoni wa shuga, anachedwa kudya chifukwa ine ndinali kumunda. Nditabwera ndinawapeza akunjenjemera, thukuta thupi lonse, akundiyankhula Chilomwe chokhachokha ngati sakundidziwa, n'kumaitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Ndinati basi, mtima uja waima, ndinayamba kulira m'malo mochitapo kanthu. Mwamwayi dresala anali pafupi. Anasungunula shuga m'madzi n'kuwamwetsa, ndipo posachedwa anatsitsimuka n'kufunsa kuti anthu adzaziranji pakhomo. Jakisoniyo akapanda kupeza chakudya m'mimba, amatsitsa shuga mopitirira. Choncho shuga amene ukuwamana masiku onse, tsiku limenelo ndiye mankhwala. Usunge pang'ono m'kachitini, pamalo podziwa iwe ndi amuna ako. Akachita thukuta lozizira ndi kufooka, ayambe amwa madzi a shuga ngati akutha kumeza. Akapanda kutsitsimuka msanga, kapena thukutalo likabwera atadya bwinobwino, pamodzi ndi befu kapena mseru, kumbukira a Mukhova. Usafunse mafunso, usadikire amuna ako aweruke, itana anthu muwanyamule.

Amuna ako ndi munthu wabwino. Si mkamwini aliyense angavomere kuyamba banja ndi apongozi akutsokomola kuseri kwa khoma. Uziwathokoza ndi pakamwa, usamangoti akudziwa. Ndiwo zawo zikolere mchere bwinobwino, asadzavutike ndi matenda a eni. Ndipo usalole kuti kudwazika kukusandutse munthu wolusa. Ine zinandichitikira, ndinayamba kukalipira ana popanda chifukwa, mpaka mng'ono wako anandifunsa ngati nanenso ndadwala shuga. Ukatopa unene kuti watopa. Amuna ako uwawerengere kalatayi, mbali ya azakhali ndi yomwe, kuti tsiku la mlandu mudzakhale pamodzi.

Pakuti tsikulo likubwera. Azakhali ako adzafika ku Makwasa, mwina mwezi usanathe, ndi nkhuku m'manja ndi kansalu m'chiuno. Uwalandire ndi maondo pansi, uwaphikire, uwayalire pabwino. Koma asatsale okha ndi abambo ako nthawi ya chakudya, ndipo akachoka ufufuze m'matumba a jekete, pansi pa chotsamira ndi m'chipewa momwe. Adzakutengera pambali. Adzati, "Mwana wanga, iwe ulibe mlandu, dzanja lako ndi loyera, mchere wa iwe sungawapweteke abambo ako. Wothira amako ndi umene unali woipa." Adzanena mokoma, akulira, ndipo iwe udzafuna kuwakhulupirira chifukwa udzakhala utatopa kuona bambo ako akudya zozizira. Uyankhe mwaulemu kuti, "Ndamva, azakhali, koma kuno mchere sitithira." Adzati ndiwe mwana wa amako. Uvomere, n'zoona.

Dzuwa lapendeka, ndipo ndikumva akundiitana kunyumba. Chatsala chimodzi, ndipo ndi chimene chandivuta kulemba.

Adokotala sanatinamize. Mtima umenewu sudzabwerera mwakale. Koma anati akasamalidwa akhoza kukhala zaka, n'kuona zidzukulu. Ine ndikukhulupirira kuti m'manja mwako miyendo idzaphwa, befu lidzachepa, adzayamba kuyenda okha kupita kukabayitsa akupereka moni kwa anthu m'njira. Ndipo mbiri idzafika kuno. Tsiku limenelo azakhali ako adzayenda malaini onse, khomo ndi khomo, akunena kuti, "Mwaona? Wangochoka m'manja mwa mkazi uja, wachira." Ndipo ine sindidzakhala ndi choyankha. Ndaganiza usana ndi usiku, yankho palibe. Iwe ukamawasamala bwino, mlandu wanga kuno uzikula. Akakhala chaka, adzati umboni ndi umenewo. Akakhala zaka zambiri, ngakhale anzanga amene akundiikira kumbuyo lero adzayamba kukayika.

Iwe ndikukudziwa, unatengera ine kupsa mtima. Zikadzakufika udzalira, ndipo maganizo adzakubwerera. Udzati ndiwabweze kwawo kuti anthu aone kuti amayi akhoza kuwasunga. Kapena, tsiku lina utaima pa mphika, kamawu kadzakunong'oneza kuti atangotupa pang'ono kunonso, kumene amayi kulibe, onse akanadziwa kuti amayi analibe mlandu. Ndi zoona, akanadziwa. Njira yonditsukira dzina ilipo imodzi yokha, ndipo ili m'mbale ya mchere. Usayerekeze, Fanesi. Ukadzachita zimenezo chifukwa cha ine, sindidzakukhululukira.

Dzina ndi langa, ndilisenza ndekha. Ndizipita ku sikelo m'mawa uliwonse mutu uli m'mwamba, asunthe madengu awo mmene angafunire. Ndikadzamva kuti kunyoza kwakula, ndidzadziwa kuti mwamuna wanga wadzuka bwino ku Makwasa, ndipo ndidzathyola tiyi ndikuimba. Pita ukawasamale abambo ako mpaka Thyolo yense akhulupirire kuti ndinali ine.

Mulungu akupatse mphamvu, ndi nyumba ya mtendere.

Ndine amako,
Esinala